Tsiku limene a Mbewe anakwapula atsikana pa wailesi

Mpaka lero ndikaona a Mbewe akubwera m'khonde la koleji, ndimayamba kusanja mabuku amene ndasanja kale. Sanandikalipirepo, ndipo mwina akanandikalipira bwenzi mtima wanga utapola kalekale. Ine ndine kalaliki wa m'laibulale pa koleji ina ya aphunzitsi kuno ku Chipata, koma Loweruka ndimasanduka mtolankhani wa zamasewero wa wailesi ina ya m'dera lathu (wongodzipereka, musandiyese munthu wamkulu).

A Mbewe amaphunzitsa masamu, ndiponso ndi kochi wa timu yathu ya atsikana ya basiketibolo. Kufatsa kwawo n'kodetsa nkhawa. Wosewera akaphonya, iwo amamuitana pambali n'kumufunsa ngati wadya. Wezulo amaimba ngati akupepesa. Timuyo anaiyambitsa okha, ndipo mizere ya pabwalo amapenta ndi manja awo chaka chilichonse.

Vuto linali lakuti pa wailesi sankamveka. Amene ankamveka anali a Daka, kochi wa koleji ina ya m'tauni momwemuno, munthu woti masewero akafika pakati amaponya chipewa pansi n'kuchipondaponda. Ife atolankhani tinkawakonda chifukwa ankatipatsa zonena. Timu yawo inkagonja kawirikawiri kuposa yathu, koma mukafunsa pamsika wa Kapata kuti kochi weniweni ndani, ngakhale wogulitsa tomato ankatchula a Daka.

Tsiku lina ndinamva mkulu wa koleji akuuza wachiwiri wake kuti timu ikufunika kochi wamoto, woti anthu azimumva pa wailesi, ndipo akuganiza zoipereka kwa mphunzitsi wina wachinyamata. (Sindinkamvetsera dala. Khoma la laibulale ndi lopyapyala, ndipo ine ndinali nditaligunda ndi khutu mwangozi.) Zinandiwawa kwambiri. Ndinatsimikiza mumtima kuti a Mbewe sawalanda timu ine ndili ndi pakamwa. Eni akewo sindinawafunse.

Ndinayamba pang'onopang'ono. Sabata yoyamba ndinauza omvera kuti a Mbewe salekerera zachibwana. Sabata yachiwiri ndinati akangoyang'ana wosewera, miyendo imanjenjemera. Anzanga ku wailesi anati malipoti anga ayamba kukoma, ndipo ine mutu unakula. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Kenaka linafika Loweruka lija. Tinalandira timu ya a Daka pabwalo lathu ndipo atsikana athu anasewera ngati alodzedwa. Alendowo anagonja moipa. Awiri anatuluka akulira, wina akutsimphina chifukwa anapondana ndi mnzake. A Mbewe anangopita kukagwira chanza a Daka n'kuwafunsa ngati minibasi yawo yafika.

Tsono inu mukudziwa kuti m'zamasewero palibe amene amangoti timu yapambana. Timati yakwapula, yaswa, yathidzimula, ndipo womvera pulogalamu ya zamasewero amadziwa kuti palibe magazi atuluka. Koma pulogalamu ya zamasewero imauluka Lolemba, ndipo ine nkhaniyo inkanditentha m'kamwa. Ndinaimbira wailesi madzulo omwewo, nthawi ya nkhani za m'madera, imene amalengeza maliro, ng'ombe zosochera ndi masiku olandirira feteleza. Amene anali pantchito anali mayi wina wachikulire amene sasiyanitsa basiketibolo ndi mpira wamanja. Anandilowetsa chifukwa ndinamuuza kuti ndili ndi nkhani yaikulu.

Ndinali nditakwera pachulu cha kuseri kwa bwalo, pamene netiweki imagwira, ndipo ndinayamba ndi mawu okuya amene ndinali nditayeserera.

"Omvera, lero masana pa koleji ya aphunzitsi, a Mbewe, omwe mumawayesa ofatsa aja, akwapula atsikana khumi ndi awiri popanda chisoni. Ndaona ndi maso angawa. Ena atuluka akulira, wina akutsimphina..."

Ndinapitiriza kutchula zigoli, mayina a matimu ndi luso la atsikana athu. Ndinalankhula bwino kwambiri, mwina kuposa tsiku lina lililonse. Chimene sindinadziwe n'chakuti netiweki inathawa pa mawu akuti akutsimphina, ndipo zotsalazo ndinkauza chiswe.

Ndinafika kunyumba ndikuimba mluzu. Mkazi wanga anandichingamira pakhomo wailesi ili m'manja, n'kundifunsa ngati ndinkanena a Mbewe omwe aja amene amaphunzitsa ana athu Sande sukulu. Anandifotokozera kuti nditangoduka, mayi wa pa wailesi uja anati imeneyi ndi nkhani yomvetsa chisoni, n'kutsegula mafoni. Dalaivala wina wa thiraki amene ankadikira mapepala pa malire a dziko ku Mwami anaimba kuti anthu ofatsa ndiwo oopsa. Mayi wina anati iye anakayikira kale ataona kukula kwa lamba wawo. Bambo wina anapempha kuti boma lilowererepo. Ndinayesa kuimbanso, koma pulogalamu inali itatha ndipo ankaika nyimbo za kwaya.

Lamlungu kutchalitchi a Mbewe anakhala pabenchi lawo la masiku onse, ndipo benchilo linali lawo okha. Iwo samvera wailesi Loweruka, amachonga mayeso. Anangodabwa kuti ana a Sande sukulu abwera ochepa, ndipo ochepawo akhala kumbuyo kwenikweni. Ine ndinaona zonsezo ndili kuseri kwa mzati, ndipo mapemphero atatha ndinatulukira khomo la azimayi. Mantha anandichititsa zimenezo, sindikana.

Lolemba m'mawa ndinaitanidwa ku ofesi ya mkulu wa koleji. Ndinapeza a Mbewe atakhala phee, manja pamawondo. Panalinso bambo wina wotchedwa a Sakala, amene anapalasa njinga kuchokera kumudzi kwawo ku Chiparamba ndi thumba lopanda kanthu kuti adzalongedze katundu wa mwana wawo Misozi, wosewera wathu wodalirika. Misozi anali atawauza kale kuti palibe anamenyedwa, koma iwo anati mwana akaopsezedwa amabisa, ndipo wailesi singaname.

Ndinaimirira n'kufotokoza, thukuta lili kamukamu, kuti m'masewero kukwapula ndi kugonjetsa, ndipo atsikana khumi ndi awiri aja anali a timu ya alendo.

"Oho, ndiye okwapulidwawo anali ana a eni ake?" anatero a Sakala. "Nanga amenewo alibe makolo?"

Ndinayambiranso. Ndinajambula bwalo papepala, ndinaonetsa pamene mpira umalowa, ndinalumbira kuti a Mbewe sanadzuke n'komwe pampando wawo. A Sakala anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, kenaka anandifunsa mwaulemu ndithu.

"Achimwene, ngati ana anapambana, chinakuletsani n'chiyani kunena kuti apambana?"

Ndinangopinda pepala langa lija. A Sakala anabwerera ndi thumba lawo lopanda kanthu, Misozi anatsala. Koma mkulu wa koleji anati makolo ena akuimbabe mafoni, choncho a Mbewe ayambe apuma kaye pa timu mpaka fumbi litakhazikika. Timu anaipereka kwa mphunzitsi wachinyamata uja. Chinthu chimene mkuluyo ankangochiganizira, ine ndinamumalizira m'mphindi imodzi.

Ndinapepesa pa wailesi Lolemba lomwelo m'pulogalamu ya zamasewero, ndipo anandimva ndi okonda masewero, amene ankangoseka. Amene anamva Loweruka, alimi ndi amayi odikira uthenga wa maliro, nthawi imeneyo amakhala atatseka wailesi. Loweruka lotsatira ndinapempha mayi uja kuti akonze, ndipo anawerenga kachikalata kanga mothamanga pakati pa mbuzi ziwiri zosochera. Madzi akatayika saoleka. Pofika kumapeto kwa mwezi, tauni yonse inkatchula a Mbewe kuti a Chikoti.

Teremu yotsatira timu inabwerera m'manja mwawo, chifukwa atsikana anauza mkulu wa koleji kuti popanda a Mbewe mpira sagwira. Chodabwitsa n'chakuti tsopano wailesi imawafuna sabata iliyonse. Matimu ena akamva kuti akukumana ndi a Chikoti amafika atagonja kale, ndipo mkulu wa koleji amanyadira kuti tili ndi kochi wamoto. A Daka amaponyabe chipewa, koma palibe amatola nkhaniyo.

Zimenezi zinandilimbitsa mtima, moti tsiku lina masana ndinapita kubwalo kukapepesa, ndikuyembekezera kuti mwina anditamandako pang'ono. Ndinawapeza atagwada, akupenta mzere wapakati. Anamvetsera kupepesa kwanga konse, anaviika bulashi m'chitini, n'kuyankha osakweza mawu.

"Ndamva, bambo. Kungoti dzina lija ndinali nalo linali laling'ono, koma linkandikwana. Mukadzafunanso kundithandiza, chonde muyambe mwandiuza."

Anandipatsa chitini kuti ndiwagwirire, ndipo tinamaliza mzerewo.

Kuyambira pamenepo malipoti anga amangoti timu yakuti yapambana, timu yakuti yagonja. Anzanga amati akumveka ngati ndiwo zopanda mchere, ndipo nthawi zina lilime limandiyabwa ndithu (sabata yatha ndinatsala pang'ono kuthidzimulitsa timu ya anyamata). Koma ndikamva kuyabwako ndimakumbukira zimene ndinaona pamsika mwezi wathawu. A Mbewe ankagula mtedza, ndipo anawerama kuti apereke moni kwa kamwana ka mayi wogulitsayo. Kamwanako kanathawira kuseri kwa chitenje cha mayi ake. Mayiyo anaseka n'kunena kuti kunyumba kakamakana kusamba amakauza kuti aitana a Chikoti. A Mbewe anamwetulira, ananyamula mtedza wawo, ndipo dzanja lija anali atatambasula analibwezera m'thumba.