Dzanja la Abusa Pachifuwa

Nkhani iyi ndinkati ndidzafa nayo. Koma poti Mmalawi aliyense ku Indianapolis kuno anaimva kale, bola muimve kwa mwiniwake. Mpaka lero ndikaona ayironi, mutu umagwa wokha.

Chaka chimenecho ndinali nditangofika kumene. Ndinkakhala kwa azakhali anga ku Lawrence, masana kusamalira okalamba, madzulo kalasi ya English ku koleji. Anzanga ndinalibe. Chondisungulutsa chinali buku limene anatipatsa m'kalasimo, buku lachisoni zedi, la azungu akale opemphera mosamwetulira. Mayi wina anabereka mwana kunja kwa banja, akuluakulu n'kumulamula kuvala chizindikiro chofiira pachifuwa moyo wake wonse. Mwini mimbayo anali m'busa wawo yemwe. Iye sanaulule. Ankangoyenda dzanja lili pachifuwa, akuwonda tsiku ndi tsiku.

Aphunzitsi athu ankakonda kunena kuti, "Everything is a symbol." Ine ndinameza mawuwo osatafuna.

Mpingo wathu wa Amalawi umabwereka tchalitchi ku Beech Grove Lamlungu masana, ndipo kamodzi pamwezi kumabwera abusa Chirwa kuchokera ku South Bend. Amagona kwathu. Ndi munthu wofatsa. Pa anthu onse, ndi okhawo amene ankandifunsa za sukulu n'kudikira yankho.

Lamlungu limenelo m'mawa azakhali anandiponyera malaya oyera.

"Sita malaya a abusa, fulumira. Abwera ndi amodzi okhawa."

Ndinatsikira ku basement, chipinda cha pansi pa nyumba, kumene babu lake limawala ngati kandulo yotsala pang'ono kutha. Dzulo lake ndinali nditapsereza yunifomu yanga yofiira ya kuntchito ndi ayironi yomweyo, n'kuibisa pansi pa bedi, poti anandigulira ndi azakhali ndipo ndinkawaopa. Ndinasita mothamanga, n'kukoleka malayawo pachitseko cha alendo, ine n'kutsogola kutchalitchi kukathandiza kukonza tiyi.

Kunja kunali mitambo yakuda koma kukutentha, moti abusa anabwera opanda jekete. Atangoima kutsogolo ndinaona. Dzanja lamanja linali pachifuwa! Baibulo akutsegula ndi lamanzere. Nyimbo yoomba m'manja, iwo akungogwedeza mutu. Thukuta lili kamukamu. Nanga ulaliki wake? Wakuti mnzako akalakwa uzimuphimba, osamuvula pagulu.

Kenako pakati pa zala zawo ndinaona kufiira.

Mayo ine! Mtima unandipweteka zenizeni. Munthu yekhayo wondikomera mtima m'dziko lino, nayenso?

"Azakhali," ndinanong'ona, "abusa akubisa tchimo."

"Iwe, khala chete. Ukudwala?"

"Taonani dzanjalo. M'buku lathu m'busa amagwira chomwecho, chifukwa ali ndi mwana ndi mkazi wa mwini."

"Wati ali ndi chiyani?" anafunsa mayi Gondwe, amene anakhala moyandikana ndi azakhali, ndolo zikugwedera.

"Ayi, ndimanena za m'buku..."

Koma mawu akuti "m'buku" anatsalira pa benchi yathu. Enawo anapitiriza ulendo. Pofika nthawi ya chopereka, mwanayo anali wamwamuna. Pofika pemphero lotseka, anali atayamba kindergarten ku South Bend, ndipo mphuno inali ya abusa yeniyeni.

Titatuluka, a Banda, mkulu wa mpingo, anaitanira abusa m'kakhitchini ka kuseri. Mayi Gondwe anandikoka dzanja, azakhali akutsatira.

"Mtsikanayu ndiye akudziwa zonse. Wazitulukira ndi iyeyu."

Ine ndinabisala kumbuyo kwa azakhali.

"Abusa, mutikhululukire," anayamba a Banda. "Kwamveka mphekesera yolemera, yoti muli ndi mwana kunja. Kaya tipitiriza kukuitanani kuno, kaya ayi, zidalira yankho lanu. Dzanjalo labisa chiyani?"

"Palibe kanthu, akulu. Tiyeni tikamwe tiyi, akuzizira."

"Chotsani dzanja, abusa."

Abusa anandiyang'ana kamodzi, mwachisoni, ngati akundipepesa. N'kutsitsa dzanja.

Pamalayapo panali chithunzi cha ayironi. Chofiira psuu, chosongoka kumwamba, timabowo ta nthunzi tikuoneka tonse, toti mutha kuwerenga.

 

"Imeneyo ndi ayironi yanga," anatero azakhali pang'onopang'ono, akutembenukira kwa ine.

"Musamukalipire, mayi," anatero abusa. "Mwanayu amagwira ntchito, amapita kusukulu, n'kundisitiranso ine. Ndinati ndisamuyalutse chifukwa cha malaya. Kungoti dzanjali lachita dzanzi, maola awiri si masewera."

Ndinalira ngati pamaliro. Ndinaulula zonse: yunifomu, pansi pa bedi, buku, symbol, zonse. Mayi Gondwe anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya galimoto yosakiya, n'kutuluka.

Abusa anang'amba pepala lopukutira m'manja n'kundipatsa, ndi dzanja lomwe lija. Anadikira mpaka nditapukuta mphuno, kenako anafunsa mofatsa:

"Tsono mwana wanga wa ku South Bend uja dzina lake ndani? Ndikawauze ndekha amayi kunyumba, asamve kwa ena."

A Banda anaseka mpaka kugwira sinki. Ine ndinkangofuna pansi patang'ambika.

Lamlungu lotsatira ndinaima kutsogolo kwa mpingo wonse, ine amene sindiyankha ngakhale "ameni" mokweza, kufotokoza kuti mwanayo kulibe. Ena anaoneka okhumudwa.

Azakhali sanandikalipire. Anangotulutsa yunifomu ija pansi pa bedi, n'kuiyala pa mpando.

"Vala. Ina kulibe."

Mwezi wathunthu ndinagwira ntchito ndi chizindikiro changa pachifuwa, agogo achizungu akundifunsa tsiku lililonse kuti, "Honey, what happened?" Ndinayesa kuikapo dzanja. Simungakankhe wheelchair ndi dzanja limodzi.

Musanawerenge chifuwa cha mnzanu, yambani mwayang'ana kunsi kwa ayironi yanu.