Ulendo wa ku France Wagwa M'manja mwa Komiti

Lolemba

Tchuthi chayamba! Sabata yathunthu osamva belu la odwala, osavala yunifolomu. Tadala ali kusukulu, bambo ake ali kuntchito. Ine ndili pampando ndi tiyi, miyendo m'mwamba ngati mkazi wa bwana.

Pulani ndi iyi. Lachisanu m'mamawa ine ndi Bambo a Tadala tikwera galimoto yathu mpaka ku Dover, tiwoloka nyanja pa sitima, tikaona nyumba zachifumu zakalekale za kumidzi ya ku France. Kubwerako Lamlungu. Awiriwiri basi.

Chinandikopa ndi kalendala ya pakhoma mu wodi mwathu kuchipatala cha ku Bordesley Green. Mwezi uliwonse ili ndi nyumba yake. Ina anaimanga pamwamba pa mtsinje, madzi akudutsa pansi pake. Ndaiyang'ana mpaka ndinasankhamo chipinda changa.

Koma chenicheni si miyalayo ayi. Chibwerereni kuno ine ndimagwira usiku, iwo amagwira masana kunyumba yosamalira okalamba. Timakumana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka. Macheza athu onse ndi "makiyi ali pafiriji." Ndawasowa amuna anga, chonsecho tikukhala nyumba imodzi.

Zakonzeka:
- viza (mzere wa ku London unali wautali, koma yatuluka)
- matikiti a sitima
- mapu
- diresi yofiira imene sindinaivalepo chiigulireni
- mawu ochepa a Chifalansa, ena ndaiwala kale

Chatsala ndi womusiyira Tadala. Ndaimbira Mayi Gondwe a kutchalitchi, amene anatisunga kwawo titangofika kuno. Avomera ndi mtima wonse. Ndawapempha kuti asauze munthu. Akuti, "Ine? Pakamwa panga pali zipi, Mayi a Tadala."

Lachiwiri

Foni yayamba kulira ndisanatsuke n'komwe m'kamwa.

Oimba:
- wina akufuna mafuta onunkhira, "aja enieni a ku Paris"
- wina ali ndi phukusi la msuweni wake wa ku Belgium, "si njira yomweyo?"
- wina akungondifunira ulendo wabwino, koma mawu ake ndi a munthu wodandaula kuti wamvera kwa ena

Zipi ija ndi yothothoka.

Masana Mayi Gondwe abwera okha, atanyamula chikondamoyo. Chikondamoyo cha mayi amenewa sichibwera chabe. Amwa tiyi, afunsa za kumudzi, kenako asuzumira pawindo pamene paima galimoto yathu.

"Ija ndi seven-seater, eti? Ndiye ma seat onse aja apite ku France empty? Tchimotu limenelo. Mwanayu tingomutenga, ine ndizikamusamalira konko."

Ndaseka. Ine ndimayesa kuseka ndi kukana. Iwo amva kuti ndavomera.

Madzulo ndawauza Bambo a Tadala. Akanda m'mutu, akuti anthu anayi si ambiri. Asanamalize foni yalira, ndi yawo. Itangodulidwa yalira ina, ndi yanga. Madzulo amene tili tonse m'nyumba tawathera tikulankhula ndi anthu ena.

Lachitatu

Mapemphero a pakati pa sabata ku Aston. Ndakhala kumbuyo dala.

Nthawi ya zolengeza aimirira Bambo Mbewe, mkulu wa mpingo, jekete lomanga mabatani onse. Akuti, "Abale, pali banja limene laganizira mpingo. Latikonzera trip ya ku France, kukaona ma castle." Anthu m'manja phwaphwaphwa! Ena kutembenuka kundiyang'ana mwachikondi. Ine ndikungomwetulira ngati wa pachithunzi.

Amalawi akakumana atatu, komiti ndi yosapeweka. Yasankhidwa pomwepo:
- wapampando: Bambo Mbewe
- mlembi: Mayi Gondwe
- msungichuma: mayi wina wa ku Zambia amene dzina lake sindilidziwa
- dalaivala: Bambo a Tadala
- woona zakudya: ine

Ulendo wanga womwe, udindo wanga ndi nkhuku!

Galimoto yathu yachepa, akuti abwereka minibasi. Bambo Mbewe atseka ndi mwambi: "Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu." Ndimafuna kukweza dzanja ndiwakumbutse kuti mwambiwo ukunena tiwiri, sukunena mpingo wonse. Dzanja lakana. Anthu amenewa ndi amene anadzaza m'nyumba mwathu, kugona pansi, kuimba nane, bambo anga atamwalira kumudzi ine ndili kuno. Ungawauze bwanji kuti tsalani?

Pobwerera tili m'galimoto. Tadala akufunsa kumpando wakumbuyo, "Is everyone coming to France, Mum?"

Lachinayi

Ndikukazinga mandasi, ganizo landifikira ngati mngelo. Viza! Mpingo wonsewu ali ndi viza ndi anthu awiri okha, ine ndi amuna anga. Ngakhale Tadala alibe. Ndavina m'khitchini, chipande m'manja.

Ndaimbira Mayi Gondwe ndi mawu achisoni kwambiri. Akuti, "Viza yachaninso? France si pompano apa?" Ndawafotokozera. Akuti auza wapampando.

Komiti yakumana mwadzidzidzi, m'nyumba mwanga, ndi mandasi anga. Ine ndikudikira kuti wina anene kuti basi, eni ake ulendo apite. Palibe wanena. Anthu asinthana kale mashifiti ndi anzawo kuntchito. Minibasi alipira kale. Mayi wa ku Zambia uja wagula chipewa. Mayi Gondwe maso ali pansi, akuti chibwerereni ku Ulaya sanaonepo china koma chipatala ndi msika. Ndawamvera chisoni chenicheni, ndipo zandinyansa kuti ndawamvera chisoni.

Chigamulo cha wapampando: "Sitingasiyane panjira. Tipita tonse ku Dover. Kumeneko castle iliko, ndipo kukacha bwino France imaoneka tsidya. Tikaiona ndi maso, ndi chimodzimodzi."

Ndayang'ana Bambo a Tadala kuti anenepo kanthu. Iwo akuyang'ana ine kuti ndinenepo kanthu. Mandasi atha.

Lachisanu

Tsiku lonyamuka.

Ndadzuka kusanache kukazinga nkhuku. Mpunga, tchipisi, kabichi, mazira owiritsa. Diresi yofiira yapachikika kuchitseko, ikumwa fungo la anyezi.

Pangano linali kukumana m'mawa pano pa Erdington. M'mawa wa Chimalawi!
- ena akuchokera kuntchito ya usiku, akuti agoneko pang'ono
- ena akudikira ana aweruke kusukulu, wanga ine ndamujombetsa
- wapampando ali kometa
- minibasi yafika masana, ilibe mpando umodzi

Nthawi imene sitima yathu ikunyamuka ku Dover, ine ndili pakhonde ndikukulunga mazira m'mapepala. Ndayang'ana wotchi kamodzi kokha, kenako ndaivula.

Dzuwa litapendeka anthu akwana. Bambo Mbewe atambasula mapu anga pa boneti, ayeza mtunda ndi chala. Akuti, "Aaa, Dover ndi kutali, abale. Tikafika kwada, France sitikaiona. Ma castle si onse ndi miyala? Pa Dudley pompa ilipo. Mawa."

Dudley! Kumene anthu amapita pa basi ya tauni.

Popeza anthu abwera kale, ndipo chakudya chilipo, adyeratu theka. Tapempheranso kuthokoza ulendo umene sunachitike.

Loweruka

Mvula. Yosalekeza, yopanda changu.

Tafika ku Dudley injini isanatenthe. Nyumba yachifumu ili pamwamba pa phiri, pakati pa malo osungirako nyama zakutchire. Ana aona mikango, za mbiri yakale zathera pomwepo.

Ife akuluakulu takwera mpaka pamwamba. Makoma alipo, mawindo alipo, denga palibe. Bambo Mbewe azungulira manja kumbuyo, akuti, "Mfumu yake inali yosauka iyi. Kulephera malata?" Mayi Gondwe akuti khitchini yake ndi yaikulu koma utsi unkawavuta. Ajambulitsa pakhomo lililonse, kumwetulira mpaka m'makutu. Chipewa cha mayi wa ku Zambia chanyowa n'kugwa makutu, koma sachivula.

Ndisaname, malowa ndi okongola. Miyala yakuda ndi mvula, udzu wobiriwira, tauni yonse ili pansi.

Pali kansanja kokhala ndi masitepe opapatiza. Ena onse akana, akuti maondo. Takwera awiri, ine ndi Bambo a Tadala. Pamwamba mphepo yokhayokha, palibe munthu. Andifunditsa jekete lawo pamwamba pa diresi yofiira, akuti, "Yakukhalatu." Andigwira dzanja. Dzanja lawo lakhakhala, sindinadziwe kuti lafika potero. Ayamba kunena kuti, "Ukudziwa, ine masiku onsewa..."

Pansi mawu a Mayi Gondwe: "Adalaivala! Makiyi a minibasi! Ana ali ndi njala!"

Tatsika.

Lamlungu

Kutchalitchi atiimiritsa kutsogolo, atiombera m'manja. Bambo Mbewe akuti ulendo unayenda bwino kwambiri, ndipo komiti siithetsedwa. Mayi Gondwe andikumbatira, maso ali ndi misozi, akuti zithunzi atumiza kwawo ku Rumphi. Ndalephera kuwakwiyira. Ndayesetsa, zakanika.

Zotsala m'nyumba:
- mapoto osatsuka
- phukusi la ku Belgium
- viza yatsopanotsopano, yosagwiritsidwa ntchito
- chimfine

Mawa ndibwerera kuntchito, amuna anganso abwerera kuntchito kwawo. Tchuthi china ndi chaka chamawa.

Madzulo Tadala wapita kukasewera kwa mnzake. M'nyumba muli zii. Bambo a Tadala asita yunifolomu yanga, ndawathirira tiyi, takhala pampando umodzi. Ndawafunsa kuti dzulo pansanja paja amati anene chiyani. Aseka mwamanyazi ngati mnyamata, aika kapu pansi, atembenukira kwa ine.

Kugogoda.

Ndasuzumira pawindo. Komiti yonse ili pakhomo, Bambo Mbewe patsogolo, Mayi Gondwe atanyamula keke. Abwera kudzatithokoza.

Bambo a Tadala akunong'ona, "Tikhale chete, aziyesa kulibe anthu."

Takhala chete, titagwirana manja. Agogodanso. Kunja mvula yayambiranso, ndipo Mayi Gondwe alibe ambulera.

Ndapita kukatsegula.