Tambala Wanga ku Sikelo

Ku sikelo ya kwathu ku Area 25 sindidutsako. Ndimazungulira.

Chaka chatha mphwanga ankachita chinkhoswe, ine nkhoswe yake. Tambala wokapereka kuchikazi ndinalera ndekha, wofiira, wolemera. Kenako chitopa chinalowa m'dera. Nkhuku za aneba zinayamba kusinza n'kumagwa.

Tsiku lina ndili pakhonde pa Che Yusufu, telala wathu, dokotala pa wailesi ankafotokoza kuti mavairasi amawaika m'mabanja. Anati wa chikuku, wa matsagwidi ndi wa chitopa ndi banja limodzi. Ndinanyamuka pomwepo (akuti anapitiriza kufotokoza, ine za nthawi yaitali sindimvera).

Ndinawerengera ndekha. Akafanana magazi, mankhwalanso afanana. Katemera wa chikuku ali ku sikelo. Basi.

Mayi a kunyumba anandifunsa komwe ndikupita ndi chitenje chawo. Ndinati nkhani za amuna.

Ndinamukulunga tambala, ndinakhala pabenchi pakati pa azimayi. Anandiyamikira kuti abambo obwera ndi ana ndi osowa. Mayi wina wa duku lobiriwira anandisunthira malo, n'kufunsa ngati mwana akuyamwa bwino. Ndinati amadya gaga. Anandiyang'anitsitsa.

Atayambitsa nyimbo ya katemera ndi kuwomba m'manja, mwana wanga analira. Kokoliriko.

Benchi yonse inagwa ndi phwete. Namwino sanaseke (bola akanaseka).

"Bambo, buku la mwanayu lili kuti?"

Ndinafotokoza za wailesi. Anati banja ndi limodzidi, koma m'banjamo muli mitundu: wa chikuku amagwira anthu, wa chitopa amapha mbalame, aliyense ndi katemera wake. "Inu ndi achimwene anu mumavala nsapato imodzi?"

Nditafika kunyumba ndinapeza mlangizi wa ziweto wadutsa m'mawa womwewo, akudontheza katemera wa chitopa m'maso mwa nkhuku. Misoti yonse inalandira. Anaphonya mmodzi yekha, amene anali ku sikelo.

Patatha sabata ziwiri tambala wanga anasinza. Lachinayi anafa. Loweruka, tsiku la chinkhoswe, ndinanyamula tambala wogula ku Mchesi, woonda ngati khwangwala.

Womulandira kuchikazi anali azakhali a mkwatibwi. Duku lobiriwira lomwe lija. Anagwada mwaulemu, n'kumuyeza m'manja.

"Ankhoswe, mwana uja watsika sikelo."

Masiku ano wailesi ndimamvera mpaka kumapeto. Kupatula ikatalikitsa.