Mpweya wa ku fiyeta unandilankhulitsa ndi apongozi

Anzanga, mukamva kuti munthu akukagonekedwa ndi mpweya wa kuchipatala, mumuuze apite wodzichepetsa. Ine ndinapita ndi matama.

Ntchito yanga ndi ya kabaza wa njinga yamoto ku Tsangano. Tsiku lina ndinasenza matumba a kachewere, mvula itangokata, ndiye pamtsetse pena njinga inaganiza zake, ine zanga. Mkono unathyoka moti ngakhale ine mwini wake sindinafune kuuyang'ana. Kuchipatala cha ku boma anati fupa lakhala mopingasa, ayenera kundigoneka tulo ku fiyeta kuti aliwongole.

Mukudziwa kuti ndinasangalala? Kwathu konse palibe amene analowako ku fiyeta, ndiye ndinaimbira anzanga a pa siteji kuwauza kuti ndikukaona ndi maso anga zonse zochitika m'menemo, chifukwa Mngoni ngati ine, womwa masese tsiku lonse osadzandira, kampweya sikangandigwetse.

Anamwino anandiuza kuti kuyambira usiku ndisadye kanthu. Kutacha ndinaona mayi akugulitsa mandasi pageti, ndinati kodi mandasi n'chakudya? Ndinatsitsira ndi tiyi. Dokotala wogonetsa anthu, bambo wamfupi wosakonda kuseka, atandifunsa ngati ndadya kanthu ndinayankha monyadira kuti ndangodya zopepuka. Anavula magolovesi n'kundifotokozera kuti munthu akagona ndi mankhwala amenewa, za m'mimba zimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo, ena amafa nazo. Anandibweza kuwodi kuti ndidikire mawa, mkono ukuwawa chomwecho.

Kuchedwa kumeneko ndi kumene kunandipalira moto. Mkazi wanga Nanyoni, amene amandidikirira, anayenera kubwerera kumudzi chifukwa mwana wathu wamng'ono anatentha thupi. Anandiuza kuti atumiza munthu wina, ine osafunsa kuti ndani, mutu uli ku fiyeta basi.

M'mawa mwake anandiveka kamwinjiro kotsegula kumbuyo n'kundikankha pa bedi la matayala, ine ndikubayibitsa odwala anzanga ngati phungu. Titalowa, namwino anatulutsa singano ya diripi. Apa ndiye Ungoni wanga unathawira ku Mozambique. Mkono wabwinowo ndinaubisa kukhwapa, mpaka dokotala uja anati chabwino, tiyambe ndi mpweya, singano ibwera ndikagona.

"Adokotala, musataye mpweya wanu," ndinatero. "Ine sindigona wamba."

Anandiphimba mphuno ndi pakamwa ndi chimasiki cha labala n'kunena kuti ndizipuma kwambiri, ndikutchula mayina a ana anga. Fungo lake linali ngati la penti wosakaniza ndi maswiti. M'makutu munayamba kulira ngati njuchi, mawu a anthu akumveka ngati ali kutsidya kwa dambo, nyale ya pamwamba ikuyandama. Ana ndili nawo awiri okha, koma wachiwiriyo sindinamufike.

Kwa ine panalibe nthawi imene inadutsa. Ndinangophethira, n'kuyamba kukalipa kuti mwaona, ndinakuuzani, mpweya wanu wandilephera, tiyeni yambani ntchito. Namwino anandigwira phewa n'kundionetsa mkono uli m'chikhakha, ndipo tinali kale kuwodi. Ine osavomereza, ndimati chikhakhacho ndi cha munthu wina, andibwezere mkono wanga. Thupi lonse linkanjenjemera ngati ndagona panja mwezi wa Juni, mseru uli pakhosi, lilime lolemera ngati chikwanje. Odwala anzanga amati ndinaimbako nyimbo ya ngoma, mwendo umodzi ukuponda m'malere. Zimenezo sindikuzikumbuka, koma mboni zake n'zambiri.

Kenaka ndinaona mayi atakhala pambali pa bedi, atagwira beseni, akundipukuta pakamwa ndi kansalu. Maso anali achifunga, koma chitenjecho ndinachidziwa, chinali cha Nanyoni. Mtima unasefukira chikondi, paja mpweya umenewu umamasula zonse zomangidwa. Ndinagwira dzanja lawo, kulisisita, kuliika pachifuwa panga, n'kuyamba kuwatchula mayina aja timatchulana awiri m'nyumba. Mayiwo anayesa kuchotsa dzanja, ine ndikukokanso. Ndiye ndinawayang'anitsitsa nkhope, n'kunena mokweza, wodi yonse ikumva:

"Koma iwe Nanyoni, wakalamba liti chonchi? Taona, wayamba kufanana ndi amayi ako."

Mayiwo anaika beseni pansi bwinobwino.

"Ndine amene, bambo a Chisomo. Gonani."

Anzanga, anali apongozi anga enieni, obereka Nanyoni, atabwereka chitenje cha mwana wawo. Mayi amene chikwatirire sindinadyepo pamaso pawo, amene tikakumana panjira ndimapatukira kutchire n'kuwapatsa moni nditanjuta, nkhope ili kumbali. Mankhwala onse anatha m'mutu nthawi yomweyo. Ndinatseka maso n'kuyamba kuliza mkonono wabodza, ndikupemphera kuti dokotala abwere ndi chimasiki chija andigonekenso mpaka chaka chamawa. Bambo wa bedi loyandikana nane anaseka mpaka anaitanitsa namwino kuti ulusi wa pabala lake ukuduka.

Dokotala atabwera anawafotokozera apongozi kuti anthu ambiri amabwebweta akamadzuka, asazitengere. Iwo anangogwedeza mutu n'kunena kuti amva, koma mpweyawo sunaikemo mawu m'kamwa mwanga, unangotsegula chitseko.

Nditatuluka ndinatumiza tambala wopepesera kudzera kwa ankhoswe. Anamulandira, n'kubweza uthenga woti nkhalamba yathokoza.

Ndiye ndalumbira, anzanga. Pamtsetse ndimatsika n'kuikankha njinga. Ndipo zikadzavutanso kuti andigoneke, ndidzayamba ndapempha adokotala kuti akamamanga chikhakha, china amange pakamwa.