Chifuwa cha amalume pa intaneti

Mpaka lero amalume akatsokomola, ine mtima umangoti phwii. Mlandu wake ndi wanga, ndiulule basi.

Mlongo wanga atapeza banja, amalume, monga eni mbumba, anayenera kuitana abale ndi pakamwa pawo. Kuno ku Entre Lagos kalata siitanira ukwati, munthu amafuna amve mawu. Koma abale anamwazikana, ena ku Cuamba, ena kutsidya ku Malawi. Ine ndi kakurusu kanga ka informatika, kakosi ka makompyuta ka miyezi itatu (satifiketi ili pakhoma, m'felemu) ndinadziguguda pachifuwa.

"Amalume, ndikujambulani mawu ndiike pa tsamba la intaneti. Aliyense angodina, amva."

"Usandichititse manyazi iwe," anatero. "Paja chaka chamawa wokakufunsira mbeta ku Chiuta ndine."

Tsono mapulogalamu otsegulira intaneti ali ngati ana a mitala, chimene uyu adya winayo akana. Ndiye umaika mafayilo awiri a mitundu yosiyana, kuti pulogalamu yokana fayilo yoyamba itenge yachiwiri. Yoyamba ndinaika mawu enieni a amalume. Yachiwiri ndinangogwirizira ndi zimene ndinajambula ndekha poyesa makina: ine kuyeserera amalume, kutsokomola kwawo kuja, ndi "abale anga, kwenikweni" kosatha, mphindi ziwiri zathunthu. Ndinati ndisintha kenaka. Ndinayesa pafoni yanga, amalume analankhula bwinobwino, ndinatumizira abale onse n'kupita kukamwa tiyi (akatswiri timatero).

Mkuja wake amayi aakulu a ku Nayuchi anatulukira pa kabaza ali wefuwefu, m'manja muli botolo la mankhwala ndi mandimu.

"Alongo anga mwawagoneka chipatala chiti? Chifuwa chimene chija n'chotenga munthu!"

Kafoni kawo kakale kanali katakana fayilo yoyamba. Atawapeza amalume pakhonde akusoka ukonde, anawatsegulira pomwepo kuti adzimvere okha. Mbeta ya ku Chiuta ndinaiona ikupita ndi bwato, osacheuka n'komwe.

Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope gwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Ndine ndithu ameneyo. Tsiku limenelo chinandigwira, koma ndikupezako bwino."

Anatsegula botolo lija n'kumwa supuni yathunthu ya mankhwala owawa, alibe matenda. Abale, sindinawakondepo amalume ngati tsiku limenelo. Ndinapuma ngati munthu amene watula thumba la chinangwa.

Amayi aakulu atalowa m'nyumba, amalume anandikodola.

"Ku Chiuta tipita. Koma zija ukachotse lero lomwe. Komanso ine sinditsokomola choncho."

Atangotero anatsokomola. Ndendende, mpaka kamluzu ka kumapeto kaja. Ndinaluma mlomo n'kuyang'ana nkhuku.

Masiku ano ndikaika mawu pa tsamba ndimayesa pafoni iliyonse, ngakhale ya mlonda wa kusiteshoni. Fayilo ija pa tsamba ndinaichotsadi. M'foni mwanga ikadalimo, ndipo mkazi wanga wa ku Chiuta amaikonda kwambiri.