Masamba Pamsewu wa a Fombe

Mpaka lero ndikakwera minibasi ya ku Chilomoni sindikhala pawindo. Ndimadzipanikiza pakati, mutu pansi, ngati ndikufunafuna kanthu m'chikwama. Kuli amayi ena kumeneko amene akangondiona amakodolana n'kuyamba kuseka, ndipo sindingawadzudzule ayi. Ndikanakhala iwo nanenso ndikanaseka.

Ndinali chaka chachitatu ku koleji, ndikuphunzira zamalonda, pamene anzanga anandisankha kukhala tcheya wa kalabu yathu. Chaka choyamba ndinali munthu wokhala kumbuyo, woti aphunzitsi akandiloza lilime linkauma. Chaka chachiwiri ndinayamba kunyamula mipando pamisonkhano. Chachitatu, ndi ameneyo, "a Tcheya". (Dzinali linandilowa m'mutu moti kunyumba ku Zingwangwa amayi akandituma kotunga madzi ndinkayamba ndayang'ana uku ndi uku ngati pali wina woti ndimugawire ntchitoyo.) M'kalasi anatiphunzitsa kuti mtsogoleri amaona vuto anzake asanalione, n'kulithetsa ndi zimene zili pafupi. Mawu amenewa muwasunge, mukumana nawonso kutsogoloku.

Kalabu yathu inkadziwika ndi kudya mabanzi pamisonkhano basi. Ine ndinati ayi, tituluke tikathandize anthu. Mlembi wathu Shakira, mtsikana wa ku Chinyonga wosasunga mawu m'kamwa, ndi amene anatipezera kopita. Anamva za a Fombe, bambo wachikulire wa ku Nsanje amene anabwera m'tauni kalekale n'kumasoka zovala ku Chilomoni. Sitiroko inawapha dzanja ndi mwendo wakumanzere, akazi awo anamwalira, ndipo mpanda wa maluwa unakula mpaka kumeza nyumba yonse.

Tinapita awiri, ine ndi Shakira, kukawaona kaye. Tsono ine vuto langa ndi mafunso. Ndikaona chinthu sindingachisiye osachifunsa, ndinabadwa choncho. Pakhoma panali chithunzi cha mnyamata atavala jekete lomukulira.

"Agogo, ameneyu ndani?"

"Lukasi, mwana wanga."

"Ali kunja?"

"Ali ku Ndirande."

Ndirande! Phiri lake linkaoneka tili pakhonde pomwepo. Ndinafunsa chifukwa chimene sabwerera, Shakira n'kundiponda chala, koma a Fombe anayankha bwinobwino.

"Ndinakana kupita ku ukwati wake. Mkaziyo sindinamufune, chifukwa chake lero ndachiiwala. Ndikumva kuti ali ndi mwana wamkazi. Sindinamuonepo."

"Nanga osangomuimbira foni bwanji?"

"Bambo ayambe kuimbira mwana? Adzabwera yekha, tsiku lodzandinyamula."

Anaseka ndi theka la pakamwa, koma maso awo anali kumsewu. Zinandikhudza, ndinene zoona, ndipo ulendo wonse wobwerera ndinkangodzifunsa ngati Lukasiyo angabweredi.

Loweruka tinafika gulu lonse titavala masikipa a kalabu, tili ndi zikwanje, matsache ndi wilibala yobwereka. Ndinagawa ntchito ngati munthu woti anabadwa ndi mluzu m'kamwa. Anyamata adule mpanda. Atsikana amange zitenje pamwamba pa mathalauza, atulutse mipando ndi tebulo panja kuti tikolope pabalaza. Wina akoleze moto wowotchera zinyalala pabwalo. A Fombe tinawapititsa kuchipinda kuopa fumbi.

Msewu wa pamenepo ndi wopapatiza komanso wotsetsereka, ndipo anjinga zamoto amatsika ngati akuthamangitsidwa. Mmodzi anangotsala pang'ono kugunda mnzathu wa wilibala. Mumtima ndinati, vuto ndi limeneli, ndipo ndaliona ndine. Zili pafupi ndi chiyani? Ndinakumbukira bambo anga, amene ankayendetsa lole. Ikawafera panjira ankathyola nthambi n'kuziyala pamsewu, magalimoto n'kumachepetsa liwiro. Ndinakoka nthambi za mpanda uja, zaziwisi bwino, ndinayala mzere wina kumtunda, wina kumunsi, nyumba ya a Fombe ili pakati.

(Inde, ndikudziwa. Musandiuze. Ndinabadwira m'Malawi momwe muno, ndipo maliro ndakhuzapo ambirimbiri. Koma tsiku limenelo m'mutu mwanga munali mutadzaza utsogoleri, malo a nzeru munalibe.)

Abale, zinagwira ntchito! Minibasi yoyamba inafika pamasamba paja n'kuyamba kukwawa, dalaivala n'kuzimitsa nyimbo. Wakabaza anatsika panjinga n'kumaikankha. Abambo awiri anavula zipewa. Ndinaima m'mbali mwa msewu manja m'chiuno ndikudabwa. Kuchepetsa liwiro ndimamvetsa, nanga zipewazo? Ndinaganiza kuti mwina ndi masikipa athu, anthu aona kuti kwabwera ophunzira.

Bambo wina wonyamula thabwa anaima, analitula pansi, n'kundiyandikira mwaulemu.

"Pepani kwambiri, achemwali."

"Zikomo, bambo. Ndi udindo wathu."

"Zachitika nthawi yanji?"

"Tayamba m'mawa uno, koma tinakonza kalekale."

"Munakonza?"

"Eya, tinachita kukhalirana pansi. Tikufuna pofika masana tikhale titamaliza. Zotsala tingowotcha, moto ndi uwo."

Bamboyo anandiyang'ana, anayang'ana motowo, anatola thabwa lake n'kuchoka chobwerera m'mbuyo. Ine ndinati anthu a kuno ndi amanyazi.

Sipanatenge nthawi ndinamva nyimbo ikutsika phiri. Anali amayi a mphakati wa ku tchalitchi kwa a Fombe, maduku kumutu, patsogolo pali mayi wina wojintcha wa duku lobiriwira amene pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi mayi Bonongwe. Atafika pachipata anaona mipando panja, moto pabwalo, atsikana a zitenje akutuluka m'nyumba maso ali psuu ndi fumbi. Anagwira kumutu.

"Mayo ine! A Fombe inu! Mwapita osatsanzika!"

Shakira anatuluka ndi chikolopa m'manja. Anayang'ana amayiwo, anasuzumira kumsewu, kenako anatembenukira kwa ine pang'onopang'ono.

"A Tcheya, mwaika chiyani pamsewu?"

Zipewa zija, nyimbo yozimitsidwa ija, "pepani" uja, zonse zinandibwerera kamodzi. Ndinali nditalengeza maliro a munthu woti ali kuchipinda akumwa tiyi.

Shakira ndi amene anakuwa kuti, "Ali moyo! Amayi, ali moyo!" Kulira kunaduka pakati. Mayi Bonongwe anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje n'kufunsa kuti wayala masamba ndani. Anzanga onse, anthu amene anandivotera ndi manja awo, anandiloza.

"Mwana iwe, ukudziwa chimene wachita? Ine ndamuimbira kale Lukasi ku Ndirande!"

Ndinathamangira kuchipinda kukagwada. Ndinafotokoza zonse ndikudikira kuti anditemberere m'Chisena. A Fombe anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaika kapu pansi.

"Abwera ambiri?"

"Bwalo ladzaza, agogo."

"Amalira kwambiri ndani?"

"Amayi a duku lobiriwira."

"Bonongwe! Chaka chonse sanapondemo muno." Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako nkhope inasintha. "Mwati amuimbira Lukasi?"

Mayi Bonongwe anali ataima pakhomo, foni ili kukhutu, akuyesa kumuimbiranso kuti abweze uthenga. A Fombe anakweza dzanja lawo labwino lija.

"Musaimbe."

"A Fombe, kumeneko ndi kuchimwa."

"Tchimo ndi la a Tcheya. Maliro ndi anga."

Mayiwo anaimbabe, koma foni inangoitana osayankhidwa. A Fombe anandipempha kuti nditsegule katani kuti aziona kumsewu. Ndinatsegula. Mtima wina unkandiuza kuti ndithamange ndikachotse masamba aja, wina unkafunitsitsa kudziwa ngati munthuyo abweredi. Ndinaima pawindopo kanthawi ndithu, sindikana, mpaka Shakira anadzandikoka sikipa n'kunena kuti amene wayala ndi amene akayalule.

Ndinachotsa mzere wakumunsi. Ndikukoka nthambi ya kumtunda, njinga zamoto ziwiri zinaima patsogolo panga. Pa yoyamba panatsika bambo wovala ovolosi yamafuta, nsapato zosamanga zingwe, nkhope yonyowa. Ndinamuzindikira, anali wa pachithunzi uja. Pa yachiwiri panatsika mayi wochepa thupi atagwira kamtsikana kovala diresi lachikasu.

"Mukuchotseranji masamba? Awatengera kale kumotchale?"

"Achimwene, pepani. Bambo anu ali moyo."

"Mwati bwanji?"

"Ali moyo. Masambawa ndinayala ndine. Timafuna magalimoto aziyenda pang'onopang'ono."

"Inu ndinu ndani?"

"Ndine tcheya." (Mwa mayankho onse a padziko lapansi, ndinasankha limeneli.)

"Tcheya wa chiyani? Wa adzukulu okumba manda?"

Anandikalipira, ndipo ndinayenera. Anati wasiya galimoto ya mwini kugalaja ili yomasula, walira msewu wonse anthu akumuona. Atatha mawu anayang'ana nyumba ija, imene tsopano inkaoneka bwino mpanda utadulidwa, n'kutembenukira kwa wanjinga.

"Tiyeni tibwerere."

Ndinangoima ndi nthambi m'manja, ndikudziwa kuti pawindo paja pali munthu amene akuona mwana wake akukweranso njinga. Ndinamva chisoni chimene sindinamvepo, chifukwa tsopano a Fombe akanadziwa kuti ngakhale atafika pachipata, mwana wawo sangalowe.

Amene anayankhula ndi mkazi wake, mofatsa, osakweza mawu.

"Bambo a Tadala, akanakhala kuti afa mukanalowa. Ndiye mukukanika kulowa chifukwa ali moyo?"

Sanadikire yankho. Anagwira mwana dzanja n'kulowa pachipata. Lukasi anakhala panjingapo kanthawi, kenako anatsika, anawerama n'kumanga zingwe za nsapato, n'kuwatsatira. Ine ndinali pambuyo pake, nthambi ndisanaitaye.

Tinawapeza a Fombe atadzikoka okha mpaka pabalaza, atatsamira khoma.

"Wabwera kudzandinyamula?"

"Ndinamva kuti mwafa."

"Ndasintha maganizo."

Palibe anaseka. Kamtsikana kaja kanayandikira n'kugwira dzanja lopuwala lija, kakulitembenuza ngati kakufuna kuona chimene chalakwika. A Fombe anayang'ana mwanayo, kenako mayi ake.

"Apongozi, takulandirani. Khalani pampando."

Mpando unalibemo ngakhale umodzi, yonse tinali titatulutsa. Ndinathamanga panja kukanyamula, ntchito yanga ya chaka chachiwiri ija, ndipo pa zonse zimene ndinachita tsiku limenelo ndi yokhayo imene ndinaigwira bwino.

Amayi a mphakati sanandisiye choncho. Anandiyendetsa nyumba ndi nyumba kuti ndipepese, kuphatikizapo kwa bambo wa thabwa uja, amene anali atauza kale anthu kuti kwabwera ana a koleji owotcha mitembo. Ku koleji dzina langa linasintha kukhala Tcheya wa Adzukulu mpaka ndinamaliza. Chodabwitsa n'chakuti chaka chotsatira anandisankhanso, ati chifukwa ndinapepesa ndekha osakankhira wina. Kuyambira pamenepo ndikakhala ndi nzeru yatsopano ndimayamba ndafunsa Shakira, ngakhale kuti nthawi zina ndimamufunsa nditachita kale.

Lukasi ndi banja lake anasamukira ku Chilomoni komweko. Ndinkapitako mwa apo ndi apo, ndipo a Fombe akandiona ankauza Tadala kuti, "Abwera aja anandipha." Dzinja la chaka chotsatira, m'mawa wina ndikukonzekera mayeso omaliza, foni inalira. Anali Lukasi.

"A Tcheya, bambo atisiya. Ananena kuti masamba mudzayale ndinu, akuti dzanja lanu limaitana anthu."

Ndinapita. Mpanda uja unali utaphukanso. Ndinathyola nthambi, ndinayala mzere kumtunda, wina kumunsi, Tadala atandigwira chitenje. Minibasi inafika, inachepetsa liwiro, dalaivala n'kuzimitsa nyimbo. Bambo wina anavula chipewa n'kunena kuti, "Pepani, achemwali." Ulendo uno ndinalibe funso, ndinangovomera n'kulira.