Tsiku Limene Ndinachotsa Ufiti mu Wisiki wa a Mbewe

Ndiyambe ndi kuvomera. Ine mowa sindimwa, koma mu faelo yanga kuntchito muli kalata yonena kuti ndinapezeka ndikununkha mowa masanasana. Kalatayo sinama ayi.

Ndimagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba kuno ku Lewisham. Viza yanga inamangiriridwa pantchito imeneyi ngati mbuzi pachikhomo. Ntchito itatha lero, ine ndi mwana wanga wa zaka ziwiri tiyambe kulongedza. Nchifukwa chake malamulo onse ndinkawasunga, ngakhale aja osamveka mutu wake.

Mwa agogo amene ndinkawasamalira munali a Mbewe, obadwira m'mafamu a ku Zimbabwe koma bambo awo anali a ku Dedza. Matenda atakula Chingerezi chinawathawa, anatsala ndi Chichewa chosakanikirana ndi Chishona, moti panyumba yonseyo wowamva ndinali ine ndekha.

Pashelefu pawo panali botolo la wisiki limene mwana wawo anatumiza kuchokera ku Amereka. A Mbewe anandifotokozera kangapo konse kuti umenewu si mowa wamba: ndi wa mu mgolo umodzi, sunasakanizidwe ndi wina, sunathiridwe madzi, ndipo nambala ya mgolowo inalembedwa pamanja. (Ine ndinkangoti eya, maganizo ali pa mabulangete oti ndisinthe.) Ankadikira kuti adzatsegule mwanayo akabwera. Mwanayo ankangoti mwezi wamawa.

Atafika polephera kumeza, nesi analola kuti tiziwanyowetsa milomo ndi kasiponji ka pakamtengo, koviika mu chilichonse chimene mtima wawo ukufuna. Lachinayi lina, cha m'ma thuu koloko, analoza botolo lija ndi maso. Ndinamva chisoni, chifukwa ndinadziwa kuti asiya kudikira.

Ndinatsegula, kuthira m'kakapu ka mankhwala, kuviika siponji, kufikitsa pamlomo. Iwo anatseka pakamwa nkutembenukira kukhoma.

"Wachotsa ufiti?" anafunsa.

Kwa inu amene munakulira m'tauni: kwathu supatsa munthu chakumwa usanamweko iwe mwini iye akuona, kuti adziwe kuti mulibe choipa. Ndinawauza mwaulemu kuti pantchito sitiloledwa, komanso kuti ndine mayi wa kumpingo.

"Mwananga, chibadwire sindinamwepo chikho chimene wothira akuchiopa. Ndiyambe lero?"

Ndinayesa nzeru imene imagwira pa mwana wanga akamakana phala: kuika pamlomo, kutafuna mpweya, kugwedeza mutu ngati chakoma. Anangondiuza kuti khosi silinagwedezeke. Munthu wolephera kukweza dzanja, koma maso ngati a kabawi.

Ndinayang'ana kukhomo. Kunalibe munthu. Ndinayang'ana milomo yawo yong'aluka ija. Ndiye vuto lake nali: kulawa kumene ine ndimakudziwa ndi kwa thobwa, kodzaza masaya. Ndinapendeketsa kakapu konse.

Poyamba kunali zii. Ndinayamba kale kuganiza kuti anthu amangokokomeza. Kenako ndinamva ngati ndameza khala la pambaula. Moto unatsika mpaka pamchombo, nkubwerera kudzatulukira m'mphuno ndi m'makutu. Kachasu wa mutu amene amalume anga ankamupatsa ulemu ndi mwana wakhanda pamenepa. Mpweya unakana kulowa, misozi mbwembwembwe, miyendo inachita ngati ya wina. Ndinafunafuna chogwirira, ndipo chimene dzanja langa linapeza ndi chingwe chofiira choitanira thandizo.

(Ndisabise, moto utazirala kunabwera kafungo ka thabwa ndi kutsekemera konga kwa shuga wopserera pansi pa poto. Izi kumpingo sindinazinene.)

A Mbewe ankaseka. Mawu sankatuluka, koma bedi linkagwedezeka. Miyezi iwiri ndinali ndisanaone mano awo. Anatsegula pakamwa okha. Ndinathiranso pang'ono, nkuwapatsa siponji ija. Anayamwa atatsinzina nthawi yaitali.

"Amadziwa kusankha mwana uja," anatero.

Apa mpamene manejala anatulukira akuthamanga. Anapeza wodwala akumwetulira, wosamalira ali pansi akulira, botolo lili yasa. Ndinayesa kufotokoza, koma Chingerezi changa cha Sitandade 8 chinali chitapsa nawo moto uja. Chimene ndinakwanitsa kunena nchakuti ndimachotsa ufiti. Nkhope ya manejala inandiuza kuti ndawonjezera mlandu wina.

Anandiimitsa ntchito sabata imodzi kuti afufuze. Mboni yanga inali imodzi yokha, ndipo womasulira wake anali ine woimbidwa mlandune. M'basi pobwerera ndinkapumira m'kolala ya jekete. Sabata yonseyo ndinkangodikira foni ya kuntchito. Ndinkayang'ana mwana wanga akusewera nkumadzifunsa kuti kumudzi ndikawauza kuti chandibweza nchiyani. Kakapu ka mankhwala?

Nesi uja anandilankhulira. Anauza mabwana kuti zaka zonsezi sanandionepo ndikuchedwa ngakhale tsiku limodzi. Mabwanawo anandipatsa kalata ya chenjezo lomaliza, ntchito ndinatsala nayo. Ndinatuluka muofesi ndikuthamanga kuti ndikawauze agogo anga a Mbewe kuti tapulumuka.

Ndinapeza bedi lovula, zenera lotsegula. Anatisiya Lamlungu m'mawa. Nesi anandiuza kuti masiku atatu omaliza ankakana siponji kwa aliyense, ngakhale ya madzi, akungofunsa funso limodzimodzi limene palibe ankalimva. Anandifunsa ngati ndingadziwe chimene ankafuna. Funsolo ine ndinkalidziwa bwino lomwe.

Anzanga amati phunziro lake nlakuti malamulo ndi malamulo. Ine sindinganame, akanandifunsanso ndikanalawanso. Chimene chimandipweteka ndi kukula kwa funda lija. Kadontho kamodzi kakanakwana kugwedeza khosi, chingwe sindikanachikoka, ndipo Lamlungu lija ndikanakhala pambali pawo ndikuwalawira madzi.